MBALE YAKUDA YA KU KYOTO

M'caka ca 1590 munthu wina wamalonda wa ku Hakata, dzina lace Kamiya Sotan, anaitanidwa kukamwa tiyi kwa Sen no Rikyu mu mzinda wa Kyoto, m'dziko la Japan. Munthuyu anali ndi cizolowezi ca kulemba m'buku lace zonse zimene anaona pa misonkhano yotere, ndipo bukulo liripo kufikira lero. Tsiku limenelo Rikyu anaturutsa mbale yakuda bii, yopanda maluwa kapena cokometsera ciri conse. Koma pambuyo pace anaicotsa, naika m'malo mwace mbale ina ya ku Seto, nauza mlendo wace kuti anatero cifukwa mbuye wao Hideyoshi sakonda tiyi wa m'mbale yakuda. Hideyoshi ameneyo ndiye anali wolamulira dziko lonse, ndipo Rikyu anali mkulu wa za tiyi pabwalo pace. M'caka cotsatira mbuyeyo analamula Rikyu kuti adziphe. Sikunganenedwe kuti mbale ndiyo inamupha, iai; koma wofuna kumvetsa cimene cinalowa pakati pa anthu awiriwa ayenera kuyamba wayang'ana mbaleyo.

Mtengo wa tiyi wa nkhani ino ndi womwewo umene ulimidwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, koma kakonzedwe kace nkosiyana. Masamba sawasiya kuti ade. Awafutsa ndi nthunzi akali obiriwira, nawaumitsa, nawapera pamphero yamwala kufikira asanduka ufa wosalala. Mwini nyumba atapa ufawo ndi kasupuni kansungwi, nauthira m'mbale, nathirapo madzi otentha, natakasa ndi kansungwi kena kong'ambidwa timizere tambiri ngati katsace. Mkaka kapena shuga sathiramo, ndipo mlendo amwa ndi ufa womwe. Cifukwa cace comwera cace sicingakhale kapu yaing'ono. Ciyenera kukhala cotambasuka pakamwa kuti katsace kaja kayende bwino, ndi coti munthu acifumbate ndi manja onse awiri. Eni ace aicha mbale imeneyi chawan. Tiyi akakhala wolimba ngati phala, mbale imodzi iyenda kucokera kwa mlendo woyamba kufikira wotsiriza, monga ciyendera cipanda ca mowa pakati pa akulu, ndipo yense apukuta pamene anamwera asanapatse mnzace. Atatha kumwa, alendo aipempha mbaleyo, naitembenuza, nayang'anitsitsa ndi kunsi komwe, nafunsa dzina lace. Pakuti mbale zochuka ziri ndi maina ngati anthu.

Kamwedwe kameneka kanacokera ku China. Wansembe wina wa cipembedzo ca Buddha, dzina lace Eisai, anabwerera kucokera kumeneko mu 1191 atatenga mbeu za tiyi, ndipo mu 1211 analemba buku lonena kuti tiyi ndi mankhwala a thupi. Ansembe anamkonda tiyiyo cifukwa anali kuingitsa tulo pa nthawi ya mapemphero ao atali. Pamodzi ndi tiyi zinabweranso mbale za ku China, makamaka zakuda zonyezimira zoocedwa ku Fujian, zimene a ku Japan azicha tenmoku. Zina mwa izo zinaturuka m'moto ziri ndi timadontho towala mobiriwira ngati nyenyezi usiku wopanda mwezi. Za mtundu umenewu zatsala 3 zokha zamphumphu pa dziko lonse lapansi, ndipo zonse zitatu ziri ku Japan. Kwa zaka mazana atatu munthu wolemekezeka anali kudziwika ndi katundu wa ku China amene anali naye. Mafumu a banja la Ashikaga anali ndi anchito apadera oyang'anira cuma cimeneci ndi kucigawa m'magulu, capamwamba, capakati ndi capansi. Mbale youmbidwa ku Japan komweko inali kuyesedwa cinthu ca m'khicini.

Maganizo ena anayamba kumera pakati pa anthu wamba, itapita nkhondo ya Onin imene inatentha Kyoto kuyambira 1467 kufikira 1477. Murata Juko, amene anafa mu 1502, anaphunzitsa kuti malire a pakati pa zinthu za ku China ndi za ku Japan ayenera kufafanizidwa, ndi kuti mtsuko wokhakhala wa ku Bizen kapena ku Shigaraki ungathe kukhala pambali pa mbale ya mafumu popanda manyazi. Ciphunzitso cimeneci cinakhazikika ku Sakai, dooko lolemera la pafupi ndi Osaka, limene linali kudzilamulira lokha ndi bwalo la amalonda. Kumeneko Takeno Joo anacipititsa patsogolo. Mau amene anachukira kakhalidwe kameneka ndi wabi, ndiko kunena kukoma kumene kupezeka m'kusowa, m'cinthu cosakwanira ndi cosadzionetsera. Koma wowerenga asaiwale kuti ophunzitsa za kusowawa anali anthu olemera koposa m'dziko lonse. Joo anali wa banja logulitsa zikopa ndi zida za nkhondo. Mmphawi weniweni sakhala pansi kusinkhasinkha za kukoma kwa mbale yopindika. Amwera m'menemo cifukwa alibe ina.

Amalonda amenewa ndiwo anaona mbale zina zocokera ku Korea, zofiirira ngati udzu wouma, zolemera, zokhala ndi mizere ya zala za woumba, ndi zotupatupa kunsi kumene utoto wace unakwinyika m'moto. Anazicha Ido. Ouumba ace sadziwika ngakhale mmodzi. Ku Korea sizinali za mtengo, koma ku Sakai zinaikidwa m'matumba a silika.

Rikyu anabadwira m'mudzi umenewu mu 1522, m'banja la malonda a nsomba ndi nyumba zosungiramo katundu, ndipo anaphunzira kwa Joo. Masiku ace anali a nkhondo zosatha. Mfuti zinafika ndi Apwitikizi mu 1543, ndipo Sakai anasanduka malo osulira mfuti. Kazembe wankhondo Oda Nobunaga, atalowa mu Kyoto mu 1568, anagonjetsa Sakai, nayamba kusonkhanitsa ziwiya zochuka za tiyi, zina pogula, zina polanda. Iye anazindikira cinthu cimene ena sanacione. Dziko logawira akazembe ace linali ndi polekezera, koma ulemu ulibe polekezera. Motero anayamba kufupa opambana nkhondo ndi kamtsuko kapena ketulo, ndipo palibe kazembe wace amene anali kuloledwa kucititsa msonkhano wa tiyi popanda cilolezo cace. Nkhani imati mu 1577 Matsunaga Hisahide, atazingidwa m'linga lace, anasankha kuphwanya ketulo yace yochuka asanafe, kuti Nobunaga angaitenge. Rikyu anatumikira Nobunaga ameneyu, ndipo iye ataphedwa mu 1582, anatumikira wolowa m'malo mwace, Toyotomi Hideyoshi, mwana wa munthu wamba amene anakwera kucokera pa usilikali wapansi kufikira pa mpando woposa mipando yonse kupatula wa Mfumu Yaikulu.

Pa zaka 10 zotsiriza za moyo wace Rikyu anacita zinthu zimene zinasintha mwambo wonse. Anacepetsa cipinda ca tiyi kufikira cinatsala ca mphasa ziwiri zokha, ndiko kunena mapazi ngati 6 m'litali ndi 6 m'lifupi. Cimodzi cotere, cochedwa Taian, cikalipo ku Yamazaki. Makoma ace ngadothi losanganiza ndi udzu. Khomo la alendo ndi kaboo kapansi, kotero kuti kazembe ayenera kusiya lupanga lace kunja ndi kulowa cokwawa monga alowera wogulitsa nsomba. M'cipinda cotere mbale yowala ya ku China inali ngati mkanda wagolidi pakhosi pa munthu wobvala nyanda. Panafunika mbale ina, ndipo popeza panalibe, Rikyu anapita kukaiumbitsa.

Munthu amene anapitako anali Chojiro, mmisiri wa ku Kyoto woumba mapale ofolerera nyumba, amene atate wace akuti anacokera ku China. Pali cifanizo ca mkango cimene iye anaumba, colembedwa caka ca 1574, camaso aukali ndi camitundumitundu. Wociona sangaganize kuti manja omwewo ndiwo anaumba mbale zacete zija. Oumba a m'maiko amenewo anali atadziwa kale njinga yozungulira imene iturutsa mbale zambiri zofanana pa tsiku limodzi. Chojiro anaisiya njingayo. Anatenga dothi, naliphwatalala ngati citumbuwa cocindikala, nalikweza pang'onopang'ono m'zikhato zace ziwiri kufikira m'mbali munaima. Amai oumba mbiya ndi nkhali m'midzi ya kuno angaizindikire nchitoyo msanga. Dothi litauma pang'ono anayamba kupala ndi kacitsulo, m'kati ndi kunja, kucotsa conse cosafunika. Ndipo nchito yaikulu iri pa kupala kumeneku. Mbale yotero ikhala mainchesi ngati 3 msinkhu wace ndi oposa 4 pakamwa pace, ndipo mlomo wace upindikira m'kati pang'ono. Popeza inabadwira m'zikhato, ikhalanso bwino m'zikhato.

Kaocedwe kace nkodabwitsa koposa. Utoto wakuda aupanga ndi miyala yotoledwa mu mtsinje wa Kamo, yopera kufikira isanduka ufa. Ng'anjo yace njaing'ono, yomangidwa pakhomo pomwe m'kati mwa mzinda, ndipo ilandira mbale imodzi yokha pa nthawi imodzi. Aika mbaleyo m'mphika wobvundikira, naunjika makala pozungulira, ndipo anthu afukuta mvukuto monga acitira osula makasu, kufikira kutentha kuyandikira madigiri 1,200. Utoto ukasungunuka, mmisiri saleka ng'anjo kuti izizire monga acitira oumba ena onse. Agwira mbaleyo ndi mbaniro zacitsulo ikali psuu ngati khala, naiturutsira ku mphepo. Kuzizira kwadzidzidzi kumeneko ndiko kuisandutsa yakuda, ndipo cipsera ca mbaniro citsala m'mbali mwace kosatha. Popeza sinakhalitse m'moto, dothi lace silimalimba ngati mwala. Mbaleyo ikhala yopepuka, yosalira ikagogodedwa, ndipo kutentha kwa tiyi kufika m'manja pang'onopang'ono, kosaocha. Panalinso zofiira, zoocedwa pa moto wocepa. Yochuka mwa izo dzina lace ndi Muichimotsu, ndiko kunena kusakhala ndi kanthu ngakhale kamodzi. Buku la wamalonda wina wa ku Nara lichula mbale ya maumbidwe a Soeki mu 1586, ndipo Soeki linali dzina lina la Rikyu. Anthu poyamba anangozicha zoumba za lero. Dzina lakuti Raku linadza pambuyo, kucokera ku Jurakudai, nyumba yacifumu imene Hideyoshi anamanga mu Kyoto.

Tsono m'caka comweco ca 1586 Hideyoshi anaonetsa kwa Mfumu Yaikulu cipinda cace ca tiyi cokutidwa ndi golidi, makoma, mizati ndi ziwiya zomwe, cimene cinali kuphwasulidwa ndi kunyamulidwa kuli konse iye anafuna. Mu 1587 anaitanira anthu onse, olemera ndi osauka, ku msonkhano waukulu wa tiyi ku Kitano, umene unayenera kukhala masiku 10 koma unatha tsiku limodzi. Anthu ambiri akonda kunena nkhaniyi ngati mkangano wa golidi ndi dothi, wa mfumu yonyada ndi nkhalamba yodzicepetsa. Zoona zace sizophweka cotero. Hideyoshi naye anali kukhala m'tizipinda tating'ono tadothi, ndipo Rikyu anali kutumikira pa maphwando agolidi aja. Rikyu sanali wodzicepetsa kwenikweni. Kazembe wina wa ku Kyushu, Otomo Sorin, atafika ku Osaka mu 1586, anauzidwa ndi Hidenaga, mng'ono wace wa Hideyoshi, kuti nkhani zapoyera zipite kwa iye mwini Hidenaga, koma zam'seri zipite kwa Rikyu. M'kacipinda ka mphasa ziwiri, mopanda lupanga ndi mopanda mboni, munali kukambidwa za dziko.

Mphamvu ina ya Rikyu inali yobisika koposa imeneyi. Mbale ya ku China inali ndi mtengo cifukwa inali yakale, yosowa ndi yocokera kutsidya kwa nyanja. Ali yense anatha kuona cifukwa cace. Koma mbale ya Chojiro inaumbidwa dzulo, ndi dothi la m'mzinda momwemo, ndi munthu wofolera nyumba. Cinaipatsa mtengo ncimodzi cokha: Rikyu anati njabwino. Akazembe anakhulupirira diso lace, nalipira. Nobunaga anali atasandutsa ziwiya za tiyi kukhala ngati ndalama za ufumu, ndipo tsopano panaoneka munthu wamba wakutha kusula ndalama zimenezo ndi mau a pakamwa pace. Wolamulira amene anali kuyesa minda yonse ya dziko ndi kulanda malupanga kwa alimi sakanakondwera ndi ulamuliro wina umene iye sanaupereke.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Hidenaga, amene anali kumchinjiriza, anafa kuciyambi kwa 1591, ndipo posacedwa milandu iwiri inaturuka. Woyamba unali wa cifanizo. Rikyu anali atapereka ndalama zomangira nyumba yapamwamba pa cipata ca kacisi wa Daitokuji, ndipo pamwambapo panaikidwa cifanizo cace camtengo, cobvala nsapato. Motero Hideyoshi polowa pa cipataco anali kupita kunsi kwa mapazi a wanchito wace. Waciwiri unali wakuti anali kugulitsa ziwiya zatsopano pa mtengo wonyenga. Anamuingitsira ku Sakai, ndipo mwa ophunzira ace onse awiri okha, Furuta Oribe ndi Hosokawa Tadaoki, ndiwo analimba mtima kukaima pa dooko la Yodo kumuona alikupita. Akuti abwenzi anamdandaulira kuti apepese, koma iye anakana. Cifanizo cija anacipacika pa mtanda pafupi ndi ulalo wina wa mu Kyoto, ndipo pa 21 April 1591 Rikyu anadzitumbula pamimba monga mwa lamulo, ali ndi zaka pafupifupi 70. Chojiro anali atafa kale mu 1589. Olemba mbiri akali kutsutsana za cifukwa ceniceni ca imfayo, ndipo ena aloza ku magulu a akazembe amene anali kulimbirana mpando.

Cimene cinatsatira ncoipa koposa, ndipo mabuku oyamikira mbale akonda kucidumpha msanga. Mu 1592 Hideyoshi anatumiza asilikali oposa 150,000 kukathira nkhondo Korea, natumizanso ena mu 1597. Nkhondoyo inalephera, ndipo inatha pa imfa yace mu 1598, koma inasiya midzi yopserera. Mu Kyoto mukali citunda cochedwa Mimizuka, m'mene munakwiriridwa mphuno za anthu zikwi zambiri, zimene asilikali anatumiza kwao ngati umboni wa nchito yao. Pobwerera akazembe anatenga akapolo ambirimbiri, ndipo mwa iwo munali oumba mbale, pakuti akazembe ophunzira tiyi aja anadziwa mtengo wa manja otere. Banja la Mori linakhazika oumba a ku Korea ku Hagi. Banja la Shimazu linakhazika ena ku Satsuma, kumene anawasunga m'mudzi waokha, nawalamula kusunga maina ndi zobvala za kwao kwa zaka zoposa 200. Wina, wochedwa Yi Sam-pyeong, akumbukidwa kuti ndiye anapeza mwala woyera ku Arita ca m'ma 1616, kumene kunayambira mbale zoyera zimene pambuyo pace zinadzaza zombo za Adachi. Ena aicha nkhondoyi nkhondo ya mbale. Dzina limeneli licepsa mlandu, pakuti Hideyoshi anali kufuna China, osati mbale. Koma nzoona kuti mbale zofatsa za ku Hagi, zimene anthu a tiyi aziika zaciwiri pambuyo pa Raku, zinayamba ndi anthu ocotsedwa kwao.

Oribe, amene anakhala mkulu wa tiyi atafa Rikyu, sanatsate mbale yacete ya mphunzitsi wace. Iye anakonda zopotoka dala, zonga nsapato yopondedwa, zolembedwa mizere yosokonezeka. Naye analamulidwa kudzipha mu 1615, ndi Tokugawa Ieyasu, pomganizira ciwembu.

Lero boma la Japan liri ndi mndandanda wa zinthu zochedwa Cuma ca Mtundu, ndipo m'menemo muli mbale za tiyi 8. Mwa izo 5 nza ku China ndi 2 zokha za ku Japan. Ya Chojiro mulibe, ngakhale zingapo zace ziri m'gulu laciwiri. Yotsalayo ndi Ido ya ku Korea yochedwa Kizaemon, dzina la wamalonda wa ku Osaka amene akuti anasauka nataya zonse, koma mbaleyo anakana kuigulitsa kufikira anafa ndi zithupsa. Mbiri inamveka kuti ali yense woisunga agwidwa ndi nthenda yomweyo. Kazembe Matsudaira Fumai anaigulabe ndi golidi wambiri, ndipo nkhani imati naye anatupa, ndi mwana wace yemwe. Motero mu 1822 banja linaipereka ku Koho-an, m'kati mwa Daitokuji, kacisi yemwe uja wa cipata ca Rikyu. Mu 1931 wolemba mabuku Yanagi Soetsu analoledwa kuiona. Inaturutsidwa m'mabokosi 5, lina m'kati mwa linzace, ndipo iye anaona mbale wamba, imene anaiyesa yodyeramo mpunga mlimi wosauka. Akatswiri ena a ku Korea atsutsa, nati mbale zotere zinali zoperekera nsembe kwa makolo.

Nyumba yacifumu ya Jurakudai siinakhalitse. Hideyoshi mwini anaigumula mu 1595, ndipo dzina lace latsalira pa mbale. Zidzukulu za Rikyu zinaloledwa kubwerera ku Kyoto, ndipo mwa izo munaturuka mabanja atatu amene aphunzitsa mwambo wa tiyi kufikira lero. Banja la Raku nalo likali mu mzinda womwewo, ndipo mu 2019 mwana wa mbadwo wa 16 analandira dzina la Kichizaemon, limene mutu wa banjalo ali yense achedwa nalo. Atate sapatsa mwana kasanganizidwe ka utoto wace. Mwana aona miyala, aona moto, nafuna kuda kwace kwa iye yekha. Cimene alandira ndi dothi. Mbadwo uli wonse uumba ndi dothi limene anakumba agogo a atate ao, losungidwa zaka zambiri kuti lifewe, ndipo uyenda m'mapiri kufuna lina limene mwini wolikumba sadzaliumba.